Pepani Wanga Undibwezere

Tupochile ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina moyang'anizana ndi renki ya makombi, kapena kuti maminibasi, ku Gaborone, ndipo pamalopo panalibe amene ankalidziwa dzina lakelo. Onse ankangoti MmaMelissa, poti Atswana nawonso mayi amamuitana ndi dzina la mwana wake. Iye dzina limeneli ankalikonda kuposa lake lenileni. Mwamuna wake Justus, mphunzitsi amene anamubweretsa kuno kuchokera ku Balaka, anamwalira Melissa asanayambe sekondale. Abale anati abwerere kumudzi, iye anakana, ati mwana amalize kaye sukulu. Kuchokera pamenepo, m'kanyumba ka lendi ku Mmopane munatsala anthu awiri basi, mayi ndi mwana, ndipo mayiyo analibenso wina pansi pano woti n'kumutchula wake.

Melissa anakula ngati ana ena onse a mumzindamo. Ukamufunsa m'Chichewa ankayankha m'Chitswana, akakwiya ankayankha m'Chingerezi, koma Chichewa ankachimva chonse, ndi miseche yomwe. Tsopano anali ku koleji, wamtali ngati bambo ake, ndipo zovala ankasankha yekha.

Tsoka linabwera masana, dzuwa likuswa mtengo. Melissa anatsika kombi kuti adzatenge makiyi a kunyumba, atavala siketi yolekeza pamwamba pa mawondo. Anyamata oitanira anayamba ndi malikhweru. Kenako wina anamugwira mkono, wina anakoka chikwama, ndipo posakhalitsa panali chigulu cha amuna, ena a ndevu za imvi, onse akukuwa kuti ngati akufuna kuyenda maliseche amuthandiza. Amene anang'amba siketiyo anali woitanira wina wa chipewa chofiira, munthu amene Tupochile ankamusokera mathalauza akang'ambika.

Tupochile anamva kukuwako ali pa makina. Mawu a mwana wako sungawasokoneze ndi a wina. Anathamanga, nsapato imodzi n'kutsala panjira, anaboola chigulucho ndi zigongono, anamasula chitenje chake n'kumufunditsa mwanayo. Mpaka apa palibe angamunene. Koma amunawo sanabwerere m'mbuyo, anali akadali kukankhana, mafoni ali m'mwamba, ndipo thupi la Tupochile linachita zimene linaphunzitsidwa lisanaphunzire china chilichonse. Anagwada pa phula lotentha lija, anawomba m'manja, n'kunena m'Chitswana chake chothyokathyoka:

“Intshwareleng, borra. Ndikhululukireni, abambo. Ndi mwana uyu.”

Kwathu zimatero. Mbuzi yako ikadya chimanga cha eni sufunsa ngati mpanda unali wothyoka, umayamba wagwada. Mwana wako akayambana ndi akuluakulu, kholo ndiwe umakapepesa, mlandu uziona pambuyo. Onjezerani apo kuti iye anali mlendo, wa pemiti yokapempha chaka ndi chaka, ndipo makina ake ankagona pa renki pomwepo. Kwa eni kulibe mkuwe. Ndipo kugwadako kunagwiradi ntchito, amunawo anaseka, anakhutira, anabalalika aliyense kukaitanira kombi yake.

Mu kombi ya ku Mmopane Melissa sanalire. Anangogwira chitenje chija pakhosi, maso ali pawindo. Amayi ake ndiwo anali ndi mantha, ndipo mantha akasowa potulukira amatulukira pakamwa. Atangotsika anati, “Nanganso iwe, siketi imeneyi pa renki?”

M'mawa mwake anapeza mwana akulongedza chikwama.

“Ukupita kuti?”

“Kwa anti Jenipher.”

“Chifukwa chiyani? Ine si ndinakupulumutsa?”

“Munagwada, Mum.” Melissa analankhula motsitsa, osawayang'ana. “You said sorry. Kwa iwowo. Anthu andivula, inu n'kuwapepesa. Ndiye kuti wolakwa ndine?”

“Ukanafuna akuphe? Ife kuno ndife alendo.”

“Inu ndinu alendo. Ine ndinabadwira konkuno, ndipo ngakhale ndikanakhala mlendo, thupili ndi langa.”

Anatseka zipi, anatuluka, ndipo chitseko anachitseka mwaulemu, zimene zinapweteka kuposa akanachimenyetsa.

Jenipher anali nesi wa ku Zomba, wa mpingo wawo womwewo, ndipo ankakhala ku Mogoditshane. Si kutali, kombi imadutsa pomwepo tsiku ndi tsiku. Koma Tupochile sanatsikepo. Ankaimba foni, foni n'kulira mpaka kutopa yokha. Ankalemba uthenga wofunsa ngati wadya, ndipo ankaona kuti wawerengedwa, koma yankho silinkabwera.

Kanema wa tsikulo anayenda m'mafoni mwa anthu. Anamuonera ku Phakalane, anamuonera ku Oodi, anafika mpaka ku Balaka, kumene mlamu wake anaimba foni kudzafunsa ngati mwanayo wayamba uhule. Tupochile sanamuonere, koma sanafunikenso kutero, poti makasitomala ankangomuyang'ana kawiri asanapereke nsalu. Ku tchalitchi amayi ena anamuyamikira. Amvekere, “Mwaonetsa khalidwe la kwathu, amake Melissa, ana a masiku ano ndi osamva. Musadandaule, abwera yekha, mako ndi mako angachepe mwendo.” Iye anavomera ndi mutu, koma mawuwo anamunyansa, ndipo sanadziwe chifukwa chake. Akanakonda wina amukalipire.

Nyumba ya munthu mmodzi ndi yaikulu ngakhale ikhale ya zipinda ziwiri. Madzulo akaweruka ankapeza fumbi lalowa pansi pa chitseko monga mwa nthawi zonse, koma popanda mapazi a munthu. Ankatsitsa makapu awiri, n'kubwezera imodzi. Wailesi ankaitsegula kuti muzimveka mawu, koma inkalankhula Chitswana chothamanga chimene iye ankangotolamo apa ndi apo, ndipo amene ankamumasulira nkhani uja kunalibe. Apa m'pamene anazindikira kuti zaka zonsezi mzindawu ankaumva kudzera m'kamwa mwa mwana wake. Anasungulumwa kwambiri, kuposa nthawi ya maliro a Justus, chifukwa pa maliro anthu amabwera kudzakhala nawe.

Tsiku lina Jenipher anatulukira pakhonde paja ndi diresi yoti aibweze m'chiuno. Aliyense akanaona kuti diresiyo inalibe vuto.

“Ali bwanji?” anafunsa Tupochile asanamalize n'komwe moni.

“Akudya, akupita ku sukulu. Pa renki pano ndiye sadutsa, amazungulira.” Jenipher anakhala pa benchi n'kuvula magalasi. “Achemwali, Loweruka kuli zionetsero. Amayi a mumzinda muno akwiya nayo nkhaniyi, akuti si koyamba. Aguba kuchokera m'tauni kudzafika pompano, aliyense atavala zimene akufuna. Melissa alankhula.”

“Alankhula pano? Pamaso pa anthu omwe aja?”

“Pompano.”

“Nanga apolisi? Ife a mapemitife sakatitola?”

“Chilolezo chilipo, apolisiwo ndi amene akatiperekeze. Ine ndipita, yunifomu ndisiya kunyumba.”

Tupochile anatembenuza diresi ija kunja n'kuibwezanso. “Wanena kuti ndibwere?”

“Sananene. Koma msewu ulibe mwini, achemwali.”

Masiku otsatirawo mutu wake unali pa chinthu chimodzi. Ankawaona m'maganizo atsikana ambirimbiri, miyendo ili pamtunda, akulowa okha pakati pa amuna aja. Zikavuta, adzawafunditsa ndani? Atswana sayenda ndi chitenje m'chikwama. Mayi wa ku Malawi ndiye sachoka pakhomo wopanda chitenje, poti sudziwa chimene ukumane nacho panjira, kaya maliro, kaya mvula, kaya mnzako matenda a kumwezi amudzidzimutsa. Choncho anatsegula sutikesi n'kutulutsa zitenje zake zonse: cha Mvano, cha pa ukwati wa mng'ono wake, cha pa maliro a Justus, ngakhale zachipani zimene anatumiziridwa kuchokera kumudzi koma sanazivalepo. Anazichapa, anazisita, anazimanga mtolo. Munthu akamalakwitsa chifukwa cha chikondi salakwitsa pang'ono, amachita kusita ndi kupinda bwinobwino.

Loweruka m'mawa anafika pamalo osonkhanira mtolo uli pamutu. Anthu anali ambiri kuposa mmene ankaganizira. Panali atsikana a masiketi aafupi ndi makabudula, panali amayi a m'maofesi, panali ena achikulire a madiresi aatali ndi mipango kumutu, ndi amuna owerengeka atanyamula zikwangwani. Onse ankaoneka kuti akudziwana. Tupochile anaima pansi pa mtengo, anatula mtolo, n'kuyamba kuyang'ana amene angafunike thandizo msanga. Anasankha mtsikana wina wochepa thupi, wa siketi yaifupi kuposa onse, anamuyandikira n'kumutambasulira chitenje cha maluwa achikasu.

“Dumela, ngwanaka. Moni, mwana wanga. Tenga ichi usunge m'chikwama, mwina chingafunike.”

Mtsikanayo anayang'ana chitenjecho, anayang'ana mwini wake, nkhope n'kusintha. Anayankha mofulumira m'Chitswana, ndipo zimene Tupochile anatolapo n'zakuti iwo abwera kudzakana zomwezo, zofunditsidwa ngati ndiwo olakwa. Anzake anatembenuka. Mmodzi anakodola mnzake n'kunong'ona mokweza, “Ke ene.” Ndi yemwe uja. Mayi wa mu kanema, wogwada uja.

Palibe anamutukwana. Anangosuntha pang'onopang'ono, mpaka iye anapezeka ali yekha pakati pa bwalo, chitenje chili m'manja. Ndipo atakweza maso anamuona Melissa chapatali, pafupi ndi galimoto yotsogolera. Anali atavala siketi yaifupi yakuda, anali atawonda. Maso awo anakumana, kenako maso a mwanayo anatsikira pa chitenje chija, ndipo anatembenuka kuyang'ana kwina. Tupochile anachita manyazi. Anapinda chitenjecho, anamanganso mtolo, anasenza.

Akanatha kubwerera ku Mmopane, ndipo anaganizadi zotero. Koma gulu litanyamuka miyendo yake inatsatira. Sanalowe mumsewu, ankayenda m'mphepete, mmene mumayenda ogulitsa malalanje ndi anthu ongoonerera. Nyimbo zimene ankaimba sankazidziwa. Wina akakuwa kutsogolo onse ankayankha pamodzi, iye yekha pakamwa pali chitsekere. Thukuta linkatsika kuchokera pansi pa mtolo n'kumalowa m'maso, ndipo palibe anamupatsa madzi ngakhale mabotolo ankayenda m'manja mwa anthu.

Koma woyenda m'mphepete amaona zimene a pakati saona. Iye ankadutsa pafupi ndi amuna oima m'makonde, amakaniko, oyendetsa matakisi, anyamata ogulitsa ma chaja, anthu a mtundu womwe uja. Miyendo yomweyo imene tsiku lija inawapengetsa inkadutsa pamaso pawo yambirimbiri, koma manja awo anali m'matumba. Wina anayesa likhweru, amayi a mzere wonse anatembenuka kumuyang'ana, likhwerulo linafera m'kamwa. Tupochile anaona kuti palibe mtsikana ndi mmodzi yemwe amene ankafuna chitenje chake, chifukwa aliyense anali atafunditsidwa kale ndi anzake a kumanja ndi kumanzere. Anakumbukira kuti tsiku lija pa renki panali amayi ambiri, ogulitsa ndi okwera, ndipo onse anangoyang'ana, iye n'kugwada yekha. Mtolo unayamba kumulemera.

Atafika pa renki makombi anaima, ma hutala analira kenako anatopa. Galimoto yotsogolera inaima pamalo penipeni paja, pafupi ndi chitsulo chotchingira mizere ya makombi. Analankhula mayi wina wa bungwe, analankhula m'busa wamkazi, kenako anaitana Melissa. Anakwera kumbuyo kwa galimotoyo, anapatsidwa chimkuzamawu, anthu anawomba m'manja. Tupochile anali ataima kumbali, kumene kunaunjikana oitanira, poti kwina kunalibe malo.

Melissa anayamba bwino. Anatchula dzina lake, ananena kuti pamalo pomwepa ndi pamene anamuvula. Mawu ake ankamveka. Ndiye woitanira wa chipewa chofiira uja, amene anakhala pamwamba pa chitsulo miyendo ili lendelende, anatsika. Anayang'ana anzake, anagwada pa phula mokokomeza, anawomba m'manja, n'kulira ndi kamawu kachikazi:

“Intshwareleng, borra! Intshwareleng!”

Anzakewo anafa nacho chiseko. A kutali sanaone chimene chachitika, koma Melissa anaona, poti anali pamwamba. Anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Chimkuzamawu chinatsika pang'onopang'ono mpaka chinagunda ntchafu. Amayi a kutsogolo anayamba kumulimbikitsa, ena anayambitsa nyimbo kuti abise chete uja, koma mwanayo anangoima, maso ali pa munthu wogwadayo.

Tupochile anawamva mawu ake omwe akutuluka m'kamwa mwa munthu ameneyo. Anali ake ndithu, ndi kathyokedwe ka Chitswana chake komwe. Anawapereka yekha kuti atchinjirize mwana, ndipo munthuyu anawasunga nthawi yonseyi kuti adzamukwapule nawo mwana yemweyo. Mantha amene anakhala nawo zaka zonse za m'dziko la eni sanachoke, koma mkwiyo unawaposa. Anatula mtolo pansi, anadutsa pakati pa oitanirawo, n'kukaima patsogolo pa wa chipewa chofiira, amene anali akudzuka uku akusasa fumbi.

Anafuna kulankhula m'Chitswana kuti amve bwino, koma Chitswana chonse chinamuthawa, ngakhale moni. Chinatsala ndi Chichewa cha ku Balaka.

“Iwe, taima bwino undiyang'ane. Ndine ndimakusokera mathalauza, ndi zigamba zako zomwe ndikuzidziwa. Tsiku lija ndinakupatsa chinthu chimene sichinali chako. Ndinagwada chifukwa ndinkakuopa, osati chifukwa mwana wanga analakwa. Sanalakwe mwana uja. Siketi sinalakwe. Unalakwa ndiwe ndi anzakowa, ndipo wotsatira pa kulakwa ndine, amene ndinakupepesa iwe m'malo mopepesa iye. Ndiye ndabwera kudzatenga. Pepani wanga undibwezere, ali ndi mwini wake.”

Anamaliza akupuma mofulumira, chala chikadali m'mwamba. Panali chete, koma sanali chete wa anthu ogwidwa mtima. Anali chete wa anthu amene sanamve kanthu. Wa chipewa chofiira anatembenukira anzake n'kutambasula manja.

“A reng?” Akuti chiyani?

Wina anaseka, wina anatchula mawu aja amene amatchulira alendo olankhula zosamveka. Amayi a zionetsero amene anali pafupi ankayang'anana, osadziwa ngati mayiyu akukalipa kapena akupepesanso kachiwiri. Wapolisi wina anayamba kuyenda molunjika pamalopo. Tupochile anaima pakati pa amunawo, mpango utapendekeka, ndipo anaona kuti mawu aakulu kwambiri a moyo wake wawataya pa phula ngati madzi otsukira mbale. Sanakhalepo yekha chotere chibadwire.

Chimkuzamawu chinakhosomola.

“Mme wa me a re…”

Mawu amenewo Tupochile anawamva bwinobwino, ngakhale Chitswana chinali chitamuthawa. Amayi anga akuti. Anatembenuka. Melissa anali atakwezanso chimkuzamawu, ndipo ankamasulira, chiganizo ndi chiganizo, mosathamanga. Za mathalauza ndi zigamba sanazisiye, ndipo gulu linaseka, ulendo uno likuseka wa chipewa chofiira. Za mantha anazinena. Atafika poti mwana uja sanalakwe anaima kaye, n'kuzinena kawiri. Za kulakwa kwa amayi ake sanazifewetse ngakhale pang'ono, anazipereka monga mmene zinalankhulidwira. Pomaliza ananena za pepani wofunika kubwezedwa, ndipo amayi a kutsogolo anayamba kuwabwereza mawuwo, a kumbuyo anawalandira, mpaka renki yonse inkakuwa chinthu chimodzi kwa munthu mmodzi.

Musaganize kuti anapepesa. Anthu otere sapepesa pagulu. Anakoka chipewa chake kuphimba maso, anabwerera chambuyo, n'kukalowa kuseri kwa makombi, anzake aja atayamba kale kuyang'ana m'mafoni ngati samudziwa. Wapolisi uja anaima, anayang'ana Tupochile, anabwerera pamalo pake.

Melissa anamaliza zolankhula zake, zimene amayi ake sanazimve zambiri. Kenako analengeza kuti gulu lipitirire ku polisi kukapereka madandaulo, ndipo anthu anayamba kusuntha. Tupochile anatsala pomwe anaima paja. Anaona mwana wake akutsika pa galimoto, amayi akumukumbatira, Jenipher akumupukuta nkhope. Anaona akubwera mbali yake, poti njira inali yomweyo.

Anali ndi zambiri zoti anene. Ankafuna kufunsa ngati abwere kunyumba, ankafuna kunena kuti wawonda, ankafuna kupereka pepani uja kwa mwini wake pompo, ngakhale ankadziwa kuti pepani sapoletsa chilonda. Koma Melissa atafika pafupi sanaime, anangochepetsa liwiro. Sanamwetulire, ndipo maso ake anali kutsogolo kumene kunkapita anthu. Anatambasula dzanja limene linali ndi chimkuzamawu.

“Tandigwirirani ichi, amayi. Mkono wanga watopa.”

Tupochile anapukuta zikhatho pa diresi, n'kuchilandira ndi manja awiri.